Thanga la Zitenje za Amayi

Kwathu ku Chowa kunali boti. Ndikanena chonchi anthu amandiyang'ana ngati ndayamba kuzungulira mutu, chifukwa ku Kabwe madzi timachita kudikira pa mpopi, ndipo nawonso amabwera tsiku limene afuna. Koma boti linalipo, loyera, lalitali kuposa khonde lathu, lili ndi kanyumba kake kogonamo anthu awiri. Linakhala kuseri kwa nyumba pa matayala akale zaka zonse za ubwana wanga. Nkhuku zinkaikira pansi pake, koma ife ana sitinkaloledwa ngakhale kulitsamira.

Atate anali mwana wa munthu wa ku Ntcheu amene anabwera kudzagwira ntchito ku mgodi, ndipo iwonso atakula analowa mgodi womwewo. Ntchito yawo inali ya zingwe. Ankaluka waya, kumanga mfundo, kukonza timagudumu todutsamo zingwe za chikepe. Mgodi utatsekedwa, bwana wina amene ankabwerera kwawo anawauza kuti asankhe chinthu chimodzi pabwalo pake. Munthu wanzeru akanatenga firiji. Atate anatenga boti, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panali akazi awiri, wina wopakidwa penti chaka ndi chaka, wina wosoka zigamba za anthu kuti tidye.

Wosoka zigambayo anali amayi. Kwawo kunali ku Petauke. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde, ndipo makina amenewo ndi amene anatiphunzitsa sukulu tonse. Sanali munthu wa mawu ambiri. Chuma chawo chonse chinali mu sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ndipo chumacho chinali zitenje. China anapatsidwa nditabadwa ine, china ndi cha kwaya ya kutchalitchi, china anagulira limodzi ndi azimayi anzawo pa ukwati wa mng'ono wanga. Pansi penipeni panali chimodzi chimene sanachivalepo, cha ku Kongo, chabuluu wakuda, chokhala ndi nkhanga zoyenda mondondozana. Anawapatsa ndi amayi awo tsiku limene ankakwera basi kubwera ku Kabwe kudzalowa m'banja. Ankachitcha chaulendo.

Nyengo yozizira ikamatha ankatulutsa zitenje zonse kuti zipitidwe mphepo, ndipo akafika pa cha nkhangacho ankandiitana, popeza ndine mwana wawo wamkazi woyamba.

"Ichi ni chaulendo. Siku nizafa, munikulunge muli ichi. Osati vitenge va mu maliketi. Wamvela?"

"Namvela, amai."

Ndinkayankha ndikuseka, monga amachitira mwana amene amayi ake ali ndi mphamvu zonyamula thumba la makala pamutu. Iwo sankaseka. Ankachipinda bwinobwino, kuikamo mankhwala a njenjete, n'kutseka sutikesi.

Boti linakaona madzi ine nditakwatiwa kale, ndikukhala ku Chililalila ndi ana anga. Mnzawo wa atate anali ndi lole, ndipo tsiku lina ananyamula botilo kupita nalo ku damu la Mulungushi, anthu a mu Chowa akuthamangira pambuyo ngati kwabwera andale. Chilungamo ndichinene, manja a atate ankadziwa ntchito. Anaimika okha mlongoti, kuukoka ndi mawaya kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali mpaka unaima njo. Boti linali ndi matanga awiri amene bwana uja anasiya, lalikulu la kuseri kwa mlongoti, lokhala ndi mtanda m'munsi mwake, ndi laling'ono lakutsogolo. Onse anali a nsalu yokhuthala, yokalamba. Mphepo ikamawomba cham'mbali, boti linkayenda bwino ndithu.

Vuto linali mphepo yochokera kumbuyo. Zimenezi ndinazimva mpaka kukhuta, chifukwa Lamulungu lililonse ndikapita kukaona amayi, atate ankatiphunzitsa patebulo, mbale ikhale boti, masipuni akhale matanga. Mphepo ikachokera kumbuyo, thanga lalikulu limaphimba laling'ono, laling'onolo n'kumangolendewera ngati malaya onyowa. Anayesa kuwatambasula, lina kumanja lina kumanzere ngati mapiko a nkhuku, laling'onolo atalikankha ndi nsungwi, mtanda wa lalikulu ataumangira kutsogolo ndi chingwe kuti usabwerere mwadzidzidzi n'kuphwanya munthu mutu. Boti linkayenda, koma mwaulesi. Ndiye kumapeto kwa sabata kunkabwera anthu a ku Lusaka ndi maboti awo. Iwowo mphepo ikakhala kumbuyo ankakweza kutsogolo thanga lina lalikulu, lopyapyala, lamitundumitundu, lofufuma, n'kuwadutsa atate akuwabayibitsa. Atate akanapirira njala, akanapirira matenda, koma kubayibitsidwa ayi.

"Mphepo ya kumbuyo siifuna mphamvu," ankatero akugogoda tebulo. "Ifuna nsalu ikulu, yopepuka, yofufuma monga mimba. Manje izi zanga ni matenti chabe."

Nsalu ya mtundu umenewo ku Kabwe kunalibe. Anayamba ndi matumba a ufa. Amayi anasoka matumbawo mpaka singano zinatha kuthyoka, zala zili mabala okhaokha. Mphepo yoyamba inang'amba thangalo pakati, ndipo atate anabwera nalo n'kuliponya pakhonde, akuti msoko ndi umene unali wa ulesi. Anayesa pulasitiki yakuda, dzuwa linaiphika. Amayi anangosesa zidutswa n'kubwerera ku mayunifolomu a ana a anthu.

Tsiku limene zinthu zinaipa ndinalipo. Linali Lamulungu, mphepo ija yonyamula fumbi la ku mgodi itayamba, ndipo amayi anali atayanika zitenje zawo pachingwe monga mwa chaka chilichonse. Mphepo inalowa m'zitenjemo, zonse zinafufuma mbali imodzi. Atate anatuluka m'nyumba ali ndi kapu ya tiyi, n'kuima. Ndinaona nkhope yawo. Ankayang'ana zitenje zija mmene wogula mbuzi amayang'anira mbuzi, kuiyeza nyama ikadali moyo.

"Ivi vitenge vichita chani pansi pa bedi?"

"Ni vanga, imwe," amayi anatero osatembenuka.

"Vidyewa na njenjete chabe. Leta vonse."

Ine mtima wanga ndi waufupi, ndinatengera iwo omwewo. Ndinati, "Atate, ngati mufuna nsalu, yendani mukagule. Ivo ni vintu va amai."

"Iwe unakwatiwa," anandiyankha. "Kamba va kunyumba kwako."

Atate sanamenyepo amayi, ndipo ankanyadira zimenezo pagulu. Anali ndi njira zina. Anasiya kudya chakudya cha pakhomo. Amayi akaika mbale patebulo, iwo ankanyamuka n'kukakhala pakhonde la aneba nthawi ya chakudya, akuusa moyo, mpaka aneba ankawapatsa. Posakhalitsa Chowa yense ankadziwa kuti telala uja akumana mwamuna wake chakudya. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzawalangiza amayi za kugonjera. Amayi, amene sanakwezepo mawu pa munthu, anakhala pamphasa akulangizidwa ngati namwali. Atachoka alendowo anakoka sutikesi pansi pa bedi. Atate tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zowonjezera, ndipo analonjeza kuti thanga likatha, woyamba kukwera boti adzakhala amayi.

Anajambula thangalo ndi ndodo pa fumbi la pabwalo, lalikulu ngati nyumba, la ngodya zitatu, lotupa m'mbali. Anayala zitenje pamenepo akusankha, zopepuka pamwamba, zolimbako m'munsi. Zimene zinagwera m'mphepete anazidula okha ndi sizasi ya amayi. M'ngodya anati muikidwe zigamba za jinzi, ndipo anapinda waya wa kopa kupanga mphete zomangirapo zingwe. Amayi ankasoka, ine ndikapeza mpata ndinkabwera kudzagwira nsalu kuti isakokere makina pansi. Zitenje zonse zitalowa, pakati penipeni panatsala malo.

Atate anaima pa malo opanda kanthuwo.

"Apa ni pamimba. Apa ndiye pamene mphepo ikankha maningi. Pafunika nsalu yokosa." Anayang'ana amayi. "Chija cha nkhanga chili kuti?"

Amayi anali atachibisa mu pilo. Phazi lawo linaima pa chopalasira.

"Nifunsa iwe."

"Chija ni chaulendo, imwe. Muziba."

"Nanga uyenda lelo? Sinizachidula, chizangena chonse mwamene chilili. Mphepo ikasila mu Okutobala, nizachichosa, nizakubwezela. Olo ufuna nikambe na bazimai ba kuchechi futi?"

Anakachitenga okha amayi. Ine ndinawatsatira kuchipinda n'kuwanong'oneza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Anandiyankha kuti, "Banilonjeza," ngati kuti lonjezo la atate linayamba laphikapo ndiwo.

Komabe anayesa nzeru yawo ya utelala. Chitenje cha nkhangacho anachilumikiza ndi msoko wotalikirana, wofewa, woti tsiku losomola angokoka ulusi umodzi, nsalu n'kutuluka yopanda bala. Atate anabwera kudzayendera ntchito. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyesa zingwe simungamunamize pa msoko. Analowetsa chala, kukoka kamodzi, ulusi unaduka.

"Ufuna nikamile pa madzi? Soka futi. Mizele ibili, yothinana."

Anasokanso. Singano inayenda kuzungulira chitenje chonse, kenaka kuzunguliranso, ikuboola pafupipafupi. Ine ndinkagwira nsalu misozi ikugwera pa nkhanga zija. Amayi sanalire. Anangondiuza kuti ndiwongole dzanja, msoko ukukhota.

Tsiku lopita ku damu linali Loweruka la mu Ogasiti. Amayi anakonzetsa tsitsi, anakazinga nkhuku, n'kuika m'dengu pamodzi ndi mabanzi. Chitenje chabwino chovala analibenso, ndinawabwereka changa. Atate anali atatsogola dzulo lake ndi thanga, ife tinakwera kumbuyo kwa galimoto ya munthu wina amene ankapita kukagula nsomba. Njira yonse fumbi likutimwaza, amayi ankandifunsa mafunso ngati mwana. Kodi m'boti amavula nsapato? Kodi munthu akachita chizungulire amayang'ana kuti? Anali asanakwerepo chinthu choyenda pamadzi chibadwire, ndipo ankamwetulira okha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Titafika tinapeza boti lili m'mphepete, litaloza kumadzi, mphepo ikuwomba kuchokera kumtunda kumene tinaima. M'botimo munali kale munthu. Anali mkazi wa msinkhu wanga, atakhala kumbuyo pafupi ndi chiwongolero, atavala chipewa cha atate. Ndinamudziwa. Ankagulitsa nsomba ku Makululu, ndipo ankabwera ku damu kudzapikula kwa asodzi. Anatipatsa moni osanyamuka.

Amayi anavula nsapato, n'kuponda m'madzi, dengu lili m'manja. Atate analandira dengulo n'kuliika m'kanyumba ka boti. Kenaka anatambasula dzanja kuwaletsa.

"Iwe khala. Uyu aziba madzi."

"Imwe, munakamba kuti ine..."

"Mphepo ya kumbuyo ifuna muntu wopepuka. Iwe ulema maningi, boti izakhala pansi monga ng'ombe mu matope."

Panali asodzi pamenepo akukonza maukonde, ndipo anaseka. Sindikuwaimba mlandu kwambiri, sankadziwa kuti akuseka chiyani. Ine ndinayamba kulalata. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndikudziwa kuti mawu akuti mfiti analipo. Amene anandiletsa anali amayi.

"Osanichitisa nsoni pa bantu," anatero motsitsa.

Atate anatenga chingwe chomangidwa kumbuyo kwa boti n'kuwapatsa amayi m'manja.

"Gwila ntambo. Nikakamba kuti siya, usiye."

Ndipo anagwira. Anaima m'madzi ofika m'mawondo, chitenje changa chikunyowa, atagwira boti la mwamuna wawo kuti lisathawe iye akukonzekera ulendo ndi mkazi wina. Atate sanafulumire. Anatsitsa thanga laling'ono lakutsogolo n'kulipinda. Anakankhira mtanda wa thanga lalikulu kumbali, kuumangira kutsogolo ndi chingwe chake chija. Anatulutsa thanga la amayi m'thumba, kumanga chingwe pa ngodya iliyonse, ngodya imodzi n'kuikola kunsonga kwa nsungwi. Mkazi uja anamupatsa chingwe chimodzi, akumuonetsa mogwirira, dzanja lawo lili pa dzanja lake. Kenaka anakoka. Nsalu inakwera mlongoti itapotana, inagwedezeka, ndipo mwadzidzidzi inatseguka ndi phokoso ngati munthu wamenya ng'oma kamodzi.

Zimandiwawa kunena, koma linali lokongola. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero pamadzi kapena pamtunda, ndipo ndimadana nalo chifukwa cha kukongolako. Zitenje zonse za amayi zinali m'mwamba, dzuwa likuwala kupyola m'kati mwake. Asodzi anasiya kuseka. Amayi anakweza maso n'kuyamba kutchula, osati kwa ine, kwa iwo okha.

"Chija ni cha pamene unabadwa. Chija cha kwaya. Chija ni cha malilo ya atate banga."

Pakati penipeni, pamimba potupa, nkhanga zinali kuyenda.

Boti linakoka. Chingwe chinayamba kuthamanga m'manja mwa amayi, koma iwo anauzidwa kuti asasiye mpaka amve mawu, ndiye anafinya. Atate anali otanganidwa ndi kuyang'ana m'mwamba. Pamene ankakumbuka kukuwa kuti "Siya!" chingwe chinali chitasenda kale zikhatho zonse ziwiri. Boti linapita, liwiro lake losaneneka, mkazi uja akukuwa mokondwa, chipewa atachigwira ndi dzanja limodzi.

Thanga la mtundu umenewo limadziwa kupita kokha. Pobwerera, moyang'anana ndi mphepo, umalitsitsa n'kumakhotakhota ndi matanga akale aja, ndipo zimatenga nthawi. Atate ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake analandira dengu. Tinakhala pamwala mpaka mwini galimoto anati nsomba zake ziwonongeka. Ndinamanga manja a amayi ndi mpango wanga wakumutu. Pobwerera sanafunsenso funso lililonse, ndipo panapita masabata asanagwirenso makina.

Okutobala anafika ndi kutentha kwake, mphepo inagona. Atate tsopano ankakhala uku ku damu, uku ku Makululu, ku Chowa ankangobwera kudzatenga sopo ndi zitsulo zawo. Za mkazi uja amayi sanafunsepo ngakhale kamodzi. Sanapite kwa ankhoswe, sanapite kwa abusa. Ankafunsa chinthu chimodzi chokha, atate akamatuluka pageti.

"Mphepo yasila, imwe."

"Nizaleta." Koma chitenjecho sankabwera nacho.

Mvula inabwera, inapita. Mphepo ina inayamba. Yankho linasintha, linakhala lakuti asomola nyengo imeneyi ikatha, chifukwa munthu sangaphwasule thanga mphepo ili pakhomo. Chaka chimenecho miyendo ya amayi inayamba kutupa, kupuma kukuvuta. Kuchipatala anati ndi mtima. Ndinawatenga kukakhala nane ku Chililalila, makina awo tinawaphimba ndi bulangeti. Munthu uja wonyamula makala anafika poti kuchoka pabedi kupita pakhomo ankapumira panjira. Ndikabwera kuchokera kutauni, asanandifunse za mankhwala, ankayang'ana m'manja mwanga.

"Wabwela nacho?"

Tsiku lina ndinatopa nalo funsolo. Ndinaika lezala m'chikwama n'kukwera galimoto za ogula nsomba. Ndinawapeza atate m'mphepete mwa damu akupala nsungwi yatsopano. Thanga linali litayanikidwa pa zitsamba. Dzuwa linali litalidya, zitenje zina zitayera, zina zitayamba kuthetheka, koma nkhanga zinalipo, zonse. Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndinagwada ndithu, n'kuwauza kuti amayi akudwala kwambiri ndipo ndabwera kudzasomola chitenje chawo. Ndinati ndabweretsa china chatsopano choti tiikepo, ndisoka ndekha pamanja.

Anaima pakati pa ine ndi zitsamba zija.

"Ukachosa apo, yonse yagwa. Cha mu maliketi sichingakwanise pamimba."

"Atate, amai bafuna chabe bachione. Bachigwile."

"Amai bako bakali moyo. Iwe wayamba kale kukonza va malilo? Ufuna kubapaya? Uzakambe ku bantu kuti unabwela kutenga nsalu ya mu bokosi muntu akali kupema."

Anadziwa pobaya. Kwathu munthu sakonzera maliro wodwala, ndipo mawu amenewo akanamveka mu Chowa, mfiti ndikanakhala ine. Ndinaima pamenepo lezala ili m'manja, iwo atabwerera kale ku nsungwi yawo. Nditafika kunyumba ndinawauza amayi zoona, kuti akana. Anangoti, "Bazaleta. Mphepo ikasila." Anatembenukira kukhoma.

Anamwalira mu Juni, m'mawa, ndikuwapatsa phala. Maliro tinakaika ku Chowa, kunyumba kwawo. Atate anafika tsiku lomwelo, ndipo analira kuposa tonse. Analira mogwetsa chipewa, amuna anzawo akuwagwira m'mapewa. Anthu ankati, taonani chikondi cha akuluakulu. Ine ndinadikira kuti akhale pansi, ndinapita chogwada pakati pa azibambo monga mwa mwambo, n'kuwanong'oneza.

"Atate, manje bafa. Chitenge."

Anapukuta maso. Anandiuza kuti mwezi wathawo kunabwera chimphepo, thanga linagwera m'madzi, nsalu ya thonje inamwa madzi n'kulemera, boti linaikoka mpaka inang'ambikang'ambika. Anati zotsala zinawola, anazitentha.

"Kulibe chinasala, mwana wanga. Ni vintu va pa dziko."

Azimayi osambitsa thupi ankadikira. Ndinakwera minibasi kupita kumsika, n'kugula chitenje cha maluwa ofiira, cholimba ndi sitachi, chikunkha shopu. Pepala lomata ndinalichotsa ndi chikhadabo ndili m'minibasi. Amayi, amene anapempha chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse, tinawakulunga mu chitenje cha mu maliketi. Ndinawapepesa m'khutu tisanatseke bokosi, koma kupepesa kwa wamoyo sikufunditsa wakufa.

Titabwerako kumanda tinasamba m'manja pageti n'kukhala pansi. Azimayi tinakhala kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe pankakhala boti, matayala aja akadali pomwepo. Chakudya chikugawidwa, panalowa azimayi atatu ochedwa. Wapakati anali mkazi wa ku Makululu uja. Sindinadabwe kuti wabwera, maliro sakaniza munthu. Anayenda chowerama, n'kudzagwada patsogolo panga kuti andipepese.

M'chiuno mwake munali nkhanga.

Buluu uja anali atafwifwa pakati, pamene dzuwa linkamenya. M'mphepete monse munali mizere iwiri ya timabowo ta singano, tothinana, ndipo apa ndi apo munatsalira tiulusi toyera ta pa makina a amayi. Ndinazindikira ngakhale pamene msoko unakhota, pamene anandiuza kuti ndiwongole dzanja. Ndinayamba kudzuka, koma amayi aakulu, achemwali a amayi ochokera ku Petauke, anandikanikiza ntchafu ndi dzanja lawo lolimba.

"Osati pa malilo ya amako," anandinong'oneza.

Ndinakhalanso pansi n'kuyang'ana mkazi uja. Ndinafunsa ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga.

"Ichi chitenge mwachipeza kuti?"

Anadziyang'ana m'chiuno n'kumwetulira pang'ono, ngati munthu amene wayamikiridwa.

"Banipasa atate banu. Vinangu vonse vinang'ambika, ichi chabe ndiye chinakosa. Bati ni cha ku Kongo. Navala lelo kuti nipeleke ulemu."

Ndikhulupirira kuti sankadziwa. Ndayesa zaka zonsezi kumuda mkazi ameneyo mokwanira, koma chidani changa chimangomudutsa n'kukafika kumene chiyenera kufika. Ndinatembenuka kuyang'ana kumene kunakhala azibambo. Atate anali pa mpando wa pulasitiki, mbale ili pamiyendo, akufotokozera munthu wina kanthu, dzanja limodzi litatambasuka ngati thanga, linalo likulikankha kumbuyo. Maso athu anakumana. Anayang'ana ine, anayang'ana chitenje, n'kupitiriza nkhani yawo.

Mkazi uja anakakhala pa limodzi la matayala aja, pafupi ndi ine moti ndikanatha kuwerenga madontho a nkhanga iliyonse. Anamupatsa mbale, anadya bwino, nyama ndi kabichi. Madzi osamba m'manja anachedwa kufika kumene anakhala. Anadikira pang'ono, kenaka anagwira ngodya ya chaulendo cha amayi n'kupukutira mafuta, chala chimodzichimodzi.